Fonti imene mukuwerengera ndiyo ikubisa zolakwa m'mabuku akale

M'dzinja lino masamba ambiri a mabuku akale amene anthu ongodzipereka kuno ku Nkhotakota akubweza atalembapo kuti akonzedwa, akufika adakali ndi zolakwa zomwe makina otembenuza zithunzi za masambawo kukhala zilembo anaikamo. Nditayendera ena mwa inu ndaona kuti vuto si ulesi kapena kusadziwa Chichewa ayi, koma fonti (kutanthauza kaonekedwe ka zilembo pa kompyuta) imene mukuwerengera, pakuti pafupifupi aliyense akungosiya Arial kapena Calibri imene anaipeza pa kompyuta tsiku loyamba.

Pulogalamu ya OCR monga Tesseract, imene imatembenuza chithunzi cha tsamba kukhala zilembo, simva tanthauzo la nkhani, imangoyang'ana maonekedwe a inki. Pepala likakhala lachikasu, lodyedwa ndi njenjete, inki itafufuma kapena kuduka, chilembo m chimatuluka ngati r ndi n zogundana, ndipo mudzi umasanduka rnudzi. Chilembo l chimasanduka I wamkulu kapena nambala 1, ndipo O amasinthana ndi 0. Tsono mu Arial, I wamkulu ndi l wamng'ono onse ndi kamzere koimirira, kotero kuti LiIongwe wolakwika ndi Lilongwe wolondola diso silingawasiyanitse ngakhale mutabwereza kangati. Times New Roman nayonso imayandikizitsa l ndi 1, ndipo apa m'pamene zaka zikuwonongekera, chifukwa mataipi ambiri akale analibe batani la 1, alembi ankangomenya l m'malo mwake. Chaka cha 1922 chikalowa ngati l922, munthu wofufuza chakacho pa kompyuta sadzachipeza konse.

Chichewa chili ndi msampha wakewake. Kachizindikiro ka m'mwamba ka mu ng'ombe ndi m'nyumba n'kakang'ono kwambiri, ndipo fonti yothinana imakapanikiza pakati pa zilembo mpaka osaonekanso ngati kalipo kapena kasowa. Kakasowa, ng'oma yoimba imasanduka ngoma, nyama ya m'tchire ija. Chimodzimodzinso ŵ wa m'mabuku akale, amene makina amakonda kumuvula kachipewa kake kapena kumusintha n'kukhala chilembo china.

Mtengo wa zimenezi ndi waukulu kuposa mmene ambiri akuganizira. Wowerenga wachiwiri, amene anayenera kungotsimikiza, akuyambiranso tsamba lonse, ndipo bandulo ya intaneti ndi moto wa foni zikutha pa ntchito imene inalembedwa kuti yatha. Choopsa kwambiri n'chakuti buku lenileni limabwerera kwa mwini wake kapena m'kabati ya ku mishoni, ndipo chotsala m'manja mwa ophunzira ndi aphunzitsi ndi chimene ife talemba. Dzina la mfumu kapena la mudzi likalakwika pamenepo, anthu adzalikopera choncho kwa zaka zambiri.

Mawu akuti "ine ndinazolowera yomweyi" andikwana, chifukwa kuzolowerako ndiko kukupangitsa diso kuthamanga pa mawu m'malo moima pa chilembo chilichonse. Ndiko kukuchititsanso ena kusintha wace ndi cifukwa kukhala wake ndi chifukwa osazindikira n'komwe, pamene ntchito yathu ndi kusunga zimene zili pa tsamba monga zinasindikizidwira.

Bambo wina wolima mpunga ku sikimu ya Bua, amene amatithandiza madzulo akaweruka ku munda, anandikanira kwamtuwagalu kuti tsamba lake lilibe cholakwa. Titangosintha fonti ali pomwepo, rnpunga anaonekera poyera pa mzere wachiwiri, mawu amene iwo amawatchula tsiku ndi tsiku. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Alangizi, ndiye kuti ndimasankha miyala yoyera mu mpunga nditauyala pa thumba loyera." Anayamba kundifotokozera za vuto la madzi m'ngalande chaka chino, koma asanachoke anapempha kuti ndiwaikire fontiyo pa laputopu ya mwana wawo.

Anthu a Distributed Proofreaders, gulu limene linayamba mu 2000 pofuna kukonza mabuku a Project Gutenberg, nkhokwe ya mabuku aulere pa intaneti, anakumana ndi vuto lomweli mpaka anadzipangira fonti yawo, DPCustomMono, ndipo pambuyo pake DP Sans Mono. Sizokongola, ndipo sanazipange kuti zikongole. Chilembo chilichonse chimatenga malo ofanana ndi chinzake, choncho r ndi n zimakhala m'malo awiri pamene m ali m'malo amodzi, ndipo zizindikiro zing'onozing'ono zimaonekera bwino.

Chochita n'chachidule. Sankhani fonti ya zilembo zotenga malo ofanana, monga DP Sans Mono, DejaVu Sans Mono imene ndi yaulere, kapena Consolas imene imabwera kale ndi Windows. Courier New musaidalire kwambiri, chifukwa l ndi 1 wake amafananabe ndipo mizere yake ndi yopyapyala. Musanayambe tsamba, lembani mzere uwu: Il1 O0 rn m ng' ŵ, ndipo ngati pali ziwiri zimene simukuzisiyanitsa mutakhala monga mumakhalira powerenga, fontiyo isiyeni. Kulitsani zilembo, ikani chithunzi cha tsamba pambali pa zolembazo, ndipo inu owerengera pa foni muigoneke chopingasa. Masamba onse amene munatumiza kuyambira mvula itayamba muwatsegulenso ndi fonti yatsopanoyo musanatenge ena.