Kufunafuna ntchito kuyambe muli m'chaka chachiwiri

Ophunzira ambiri a kuyunivesite amayamba kulemba CV atavula gauni, n'kuti atachedwa ndi zaka ziwiri. Wolemba ntchito akalandira mulu wa makalata a anthu a digiri imodzimodzi, amasankha poona zimene munthu anagwirapo ndi manja ake, ndipo zimenezo sizipezeka m'sabata imodzi.

Muli m'chaka chachiwiri, sonkhanitsani zolengeza ntchito za m'gawo lanu zosachepera 10, kuchokera mu The Nation, The Daily Times ndi pa LinkedIn. Lembani m'kope zimene akufuna. Luso limene likubwerabwera ndilo muliphunzire musanamalize sukulu. Wa akaunti adzaona mapulogalamu a pa kompyuta monga Excel, Sage kapena QuickBooks. Wofuna ntchito za kafukufuku adzaona SPSS, Stata ndi KoboToolbox. Wa zaulimi wa ku Bunda adzadabwa kuti ntchito zambiri zoyendera alimi zimafuna laisensi ya njinga yamoto, chinthu chimene palibe mphunzitsi amachitchula m'kalasi.

Fufuzaninso ngati ntchito yanu ili ndi bungwe lolembetsako. Namwino sagwira ntchito asanalembetse ku Nurses and Midwives Council of Malawi, dokotala ku Medical Council of Malawi. A akaunti ali ndi Institute of Chartered Accountants in Malawi (ICAM), mainjiniya ali ndi Malawi Engineering Institution. Funsani zimene amafuna ndi ndalama zake nthawi idakalipo.

Atachimenti, kukaphunzira ntchito pamalo a ntchito mudakali pasukulu, ndiye pagona nkhani. Tengani kalata kwa mkulu wa dipatimenti yanu, muitule pamanja miyezi itatu tchuthi chisanafike, m'malo asanu kapena kuposerapo. Musathamangire maofesi otchuka okha a ku Lilongwe ndi Blantyre, kumene wophunzira angathe miyezi itatu akujambula mapepala pa fotokope. Ku khonsolo ya boma kapena kubungwe laling'ono antchito amachepa, choncho amakupatsani ntchito yeniyeni. Tsiku lililonse lembani zimene mwachita, ndi manambala omwe: mwalowetsa mafomu angati mu kompyuta, mwayendera makalabu angati. Musanachoke, pemphani kalata ya umboni yokhala ndi chidindo. Mukadikira chaka, bwana amene anakuyang'anirani adzakhala atasamuka kapena atakuiwalani.

Manambala aja ndiwo amadzaza CV. Kulemba kuti "ndine wolimbikira" n'kutaya mzere, aliyense amatero. Lembani ntchito imene munagwira, kumene munaigwirira ndi kuchuluka kwake. CV isapyole masamba awiri, muitumize ngati PDF, ndipo fayiloyo ikhale ndi dzina lanu. Imelo ya dzina lachibwana la kusekondale muisiye, mutsegule ina ya mayina anu enieni. Okuchitirani umboni akhale atatu: mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wanu, bwana wa ku atachimenti, ndi wina wokudziwani pantchito. Wachibale ayi. Muwapemphe kaye, chifukwa munthu woimbiridwa foni mwadzidzidzi amayankha mozengereza, ndipo wofunsayo amamva.

Kalata yofunsira ntchito ikhale tsamba limodzi, yolembedwera ntchito imeneyo basi. Zimachitika kawirikawiri kuti munthu atumiza kalata ili ndi dzina la kampani ina chifukwa chokopera yakale. Imeneyo saiwerenga n'komwe. Ngati anena kuti pa envelopu kapena pamutu wa imelo mulembepo dzina la ntchito, chitani zomwezo.

Mapepala akhale okonzeka: chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, transcript (pepala la zotsatira za mayeso anu a kuyunivesite) ndi digiri, makope ake atasainidwa ndi Commissioner for Oaths (munthu wovomerezeka ndi lamulo kutsimikizira mapepala). Onetsetsani kuti mayina ndi tsiku lobadwa zikufanana paliponse. Chilembo chimodzi chosiyana pakati pa MSCE ndi chiphaso chingakuchedwetseni pamene ntchito mwaipeza kale. Ngongole ya fizi nayonso muimalize, pakuti kawirikawiri transcript situluka ngongole ilipo.

Ntchito za boma zimadzera m'makomishoni monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission, Health Service Commission ndi Local Government Service Commission, ndipo zimatenga nthawi. Podikirapo lembetsani ku pulogalamu ya boma ya ma intern imene inayamba mu 2018, kapena gwirani maganyu a kafukufuku. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pamndandanda, ameneyo ndi wakuba.

Akakuitanani ku intavyu, werengani zimene bungwelo limachita ndi maboma amene limagwiramo ntchito. Konzani zitsanzo zitatu za zovuta zimene munathana nazo, muziyeseze mokweza pamaso pa mnzanu mpaka chilichonse chizitha m'mphindi ziwiri. Fikani kutatsala mphindi 30, mutanyamula masatifiketi enieni.

Akakutengani, musasaine kontirakiti musanaiwerenge. Onani ngati malipiro alembedwawo ndi a msonkho usanachotsedwe kapena utachotsedwa. Lamulo la Employment Act la 2000 limati nthawi yokuyesani isapyole miyezi 12. Pa penshoni, inu mumadulidwa 5 peresenti ya malipiro ndipo abwana amaikapo yosachepera 10 peresenti, choncho funsani kampani imene ikusunga ndalamazo ndipo mutenge nambala yanu.