Utelala wa pakhonde ku Ntcheu: kuyeza, kudula ndi kusunga makasitomala

Amene angomaliza kumene kuphunzira zosoka, kaya kudzera ku TEVETA, bungwe la maphunziro a ntchito zamanja, kaya kwa mmisiri wa pakhonde, ambiri amapalasa makina bwinobwino. Pamene amagwa m'mavuto ndi pa tepi ndi sizasi. Msoko ukakhota mumamasula n'kusokanso, koma nsalu ya mwini mukaidula molakwika, mulipira basi.

Yambani ndi kope. Kasitomala aliyense akhale ndi tsamba lake: miyezo, sitayilo imene mwagwirizana, tsiku lodzatenga ndi ndalama zimene wasiya. Dulani kachidutswa ka nsalu yake mukabaye ndi phini patsambapo, chifukwa nthawi ya maukwati zitenje zofanana zimachuluka pakhonde limodzi.

Poyeza mayi, tengani chifuwa, chiuno, mahipi, phewa, mkono ndi kutalika kwa chovala. Kuno kumazizira, makamaka mu June ndi July, ndipo anthu ochokera ku Tsangano kapena ku Lizulu amafika atavala juzi ndi zitenje ziwiri. Apempheni mwaulemu kuti, "Mayi, tachotsaniko juziyo ndi chitenje chapamwambacho," apo ayi diresi idzatuluka ngati thumba. Tepi isathine, chala chimodzi chizilowa. Pa muyezo wa chifuwa ndi mahipi onjezerani mainchesi 2 kuti munthu azipuma ndi kukhala pansi, pachiuno inchi 1. Kenako gawani ndi 4, popeza mumadula nsalu yopinda pawiri, kutsogolo payokha kumbuyo payokha. M'mbali siyani inchi 1 ya msoko kuti mwiniwake akanenepa mudzathe kukulitsa, ndipo kumunsi siyani mainchesi 2 opinda.

Chitenje chatsopano cha thonje chimabwerera chikachapidwa koyamba. Chiviikeni m'madzi ozizira, chiume pamthunzi, muchisite musanaike choko. Ambiri amadumpha zimenezi chifukwa chothamangira ndalama, kenako pakatha sabata kasitomala akubwera ndi siketi yokana kutseka zipi. Onaninso kumene maluwa akuloza. Zidutswa zonse ziloze mbali imodzi, ndipo duwa lalikulu lisagwere pamalo ochititsa manyazi. Mamita 2 amakwana siketi yowongoka, pomwe siketi ndi bulauzi zimafuna mamita 4. Ngati nsalu yachepa, nenani kasitomala asanachoke. Zipi ya siketi ndi ya mainchesi 8, ya diresi yotsegula kumsana 20 kapena 22.

Makina opalasa, monga Singer ndi Butterfly, sawonongeka wamba, ndipo zambiri zimene anthu amathamangira nazo kwa okonza n'zoti mutha kukonza nokha. Ulusi ukamapotana kunsi kwa nsalu, musalimbane ndi bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi wapansi: kawirikawiri ndi ulusi wapamwamba umene walekerera kapena sunadutse bwino m'malo mwake. Kwezani phazi la makina lopanikiza nsalu, mulowetsenso ulusiwo kuyambira pachiyambi. Makina akamadumpha msoko, singano yapindika, yabuntha kapena yalowa chozondoka. Pa Butterfly ambiri mbali yake yophwatalala imayang'ana kumanja. Chitenje chimafuna singano ya nambala 14, khaki ya yunifolomu 16, jinzi 18. Lamba akamatsetsereka ndiye kuti watanuka, mudule pang'ono n'kulumikizanso ndi kawaya kake. Mafuta ophikira musawayandikitse n'komwe ku makina, amamata n'kugwira fumbi, ndipo kukazizira makina amalemera. Dontho limodzi la mafuta a makina pabowo lililonse likwana, kenako sokani kansanza kaye musanaike nsalu ya munthu.

Za mtengo, werengerani zipi, ulusi, layiningi, mabatani, makala a simbi, lendi ya khonde ndi nthawi yanu. Landirani theka musanadule, pamanja kapena pa Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale akhale alamu anu. Mbiri yoti atelala ndi abodza inabwera chifukwa cha mawu akuti "mubwere mawa." Ngati mumasoka madiresi awiri patsiku, musalandire khumi a ukwati wa Loweruka pa Lachinayi. Uzani kasitomala tsiku lopitirira limene mukuganiza kuti mumaliza, ndipo adzayese chovalacho musanapinde kumunsi.

Ntchitoyi ili ndi nyengo zake. Mu August mumadzaza mayunifolomu chifukwa sukulu zimatsegulira mu September. Anthu akagulitsa kachewere ndi chimanga, maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka, ndipo Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo umabweretsa maoda a magulu ofuna kuvala zofanana. December ndi wa malaya a ana. Koma January ndi February ndalama zimapita ku feteleza ndi chakudya, choncho musanyoze ntchito yochepetsa za kaunjika, kuika zigamba ndi kusintha mazipi. Ndi miyezi yomweyi yoyenera kusokeratu mayunifolomu a masaizi osiyanasiyana ngati munasungako mpamba wa nsalu.