Kugawana ma frag a coral ndi anzathu ongoyamba kumene

Thanki ya madzi amchere ikakhazikika, ma coral (zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala) ena amakula mpaka kuyamba kupanikizana, ndiye m'malo modula n'kutaya ndi bwino kugawirako mnzanu amene wangoyamba kumene. Ka frag (kachidutswa kodulidwa ku coral) kokulira mu thanki kanazolowera kale magetsi athu, mapampu ndi mchere wosungunula tokhawu, sikavuta ngati kochokera m'nyanja, komanso palibe amene wakagumula mwala kunyanja chifukwa cha inu. Koma kugawaku kuli ndi kachitidwe kake, kupanda kusamala mumupatsa munthu mavuto okhaokha m'kabotolo.

Yambani ndi kusankha zopirira. Munthu watsopano madzi amangomusinthira, alkalinity (mlingo wa carbonate m'madzi) sabata ino 7 sabata yamawa 10, ndiye Acropora, mtundu wa coral wosapirira, musamupatse ngakhale achonderere bwanji, ikafa basi iye n'kugwa mphwayi. Mupatseni ma coral ofewa monga ma mushroom a Discosoma, toadstool, Kenya tree, ma zoa (ma zoanthid), green star polyps kapena Xenia. Ngati thanki yake yatha miyezi ingapo ndipo amayeza madzi pafupipafupi, candy cane ndi Duncan ndi poyambira pabwino pa ma coral a chigoba. Za green star polyps ndi Xenia muuzirenitu zoona, zimenezi zimayanga ngati kapinga, zikagwira mwala waukulu kuzichotsa ndi ntchito, choncho aziike pa kamwala kapakokha pamchenga kosakhudzana ndi miyala ina.

Dulani coral wathanzi yekha, amene akutsegula bwino tsiku ndi tsiku. Mutulutseni ngati n'kotheka, mudulire m'kabeseni ka madzi a mu thanki momwemo. Ma coral ofewa amafuna lezala yatsopano kapena sizasi yakuthwa, kudula kamodzi kokha osacheka mobwerezabwereza, pomwe candy cane mumangothyola nthambi ndi kapulayala, pansi pomwe palibe mnofu. Toadstool akadulidwa amatulutsa zonanda zambiri zomwe zimasowetsa mtendere ma coral ena, ndiye madzi a m'beseniwo tayani, ndipo kuika kaboni watsopano mu sefa kumathandiza.

Apa mundimvetsetse abale, chifukwa nkhani ya ma zoa ndi abale awo a Palythoa si yamasewera. Ena mwa iwo ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, woopsa kwambiri, ndipo ndi maso simungadziwe kuti uyu ali naye uyu alibe. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso nthawi zonse chifukwa ka polyp (kamutu kamodzi ka coral) mukakafinya kamathovola madzi molunjika kumaso, ngati muli ndi bala padzanja dikirani lipole, pakamwa pakhale potseka, ana ndi ziweto atalikire. Mwala umene pamera ma zoa musauwiritse, musauthire madzi otentha, musaukweche uli wouma, anthu agonekedwapo m'chipatala banja lonse chifukwa chopuma nthunzi yake. Amene mukumupatsayo muuzeni zonsezi asananyamule, osaganiza kuti akudziwa kale.

Pomata, guluu wake ndi super glue wa jelo uja, wa cyanoacrylate, sapweteka zamoyo za mu thanki. Pukutani pang'ono kunsi kwa frag, kadontho kamodzi pa pulagi (kamwala komatapo frag), kanikizani, bwezerani m'madzi. Koma ma mushroom, Xenia ndi toadstool guluu sawagwira, amaterera n'kuthawa usiku, m'mawa mukawapeza kuseri kwa miyala kapena mu pampu. Amenewa ikani m'kakapu momwe muli timiyala tophwanyika, vindikirani ndi kaneti, muike pomwe madzi sakuthamanga, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amakhala agwira okha. Ena amamanga ndi labala, zimatheka, bola isathine chifukwa imadula mnofu pakati.

Chimene ine ndimalimbikira kwambiri ndi ichi, frag yodula lero musaipereke lero. Bala likadali laliwisi, mukawonjezera ulendo ndi madzi achilendo mwaipha. Isungeni masabata awiri kapena kuposerapo mpaka muone ma polyp akutseguka onse, m'mphepete mnofu wayamba kukwawira pa pulagi. Nthawi yodikirayi ndi yoyang'ananso tizilombo, tengani tochi usiku magetsi atazima muunike kunsi kwa pulagi ndi pakati pa ma polyp. Aiptasia (kachilombo kowotcha ma coral), ma flatworm (tinyongolotsi taphwatalala), ma nudibranch (tinkhono topanda chigoba) odya ma zoa ndi ndere ya Bryopsis zimayenda ulendo pa ma frag aulere omwewa. Ngati thanki yanu ili nazo nenani, palibe chamanyazi, mnzanuyo asankhe yekha akudziwa.

Wolandira nayenso asangoponya mu thanki poti wapereka ndi mnzake. Aviike frag mu mankhwala oviikira ma coral motsatira zolembedwa pabotolo, atsukuluze m'madzi ena amchere oyera, ndipo adziwe kuti mankhwalawa sapha mazira, n'chifukwa chake ambiri amachotsa pulagi yakale n'kumata pa yatsopano. Amene ali ndi kathanki kapadera kosungiramo zatsopano kwa masabata angapo ndiye wachita bwino koposa.

Ponyamula, frag iliyonse m'kabotolo kake kotseka bwino, zisakhudzane chifukwa zimawotchana, kenako mu kabokosi kosunga kutentha. Funsanani manambala musanakumane, mchere uzikhala cha pa 1.025 kapena 1.026 pa choyezera mchere, kutentha madigiri 25 mpaka 26 Celsius. Pofika, kabotolo kayandame mu thanki mphindi 15 kapena 20 kuti kutentha kufanane, madzi ake asalowe mu thanki. Za kudutsa nazo malire a dziko ndi nkhani ina, ma coral a chigoba ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zachilengedwe, ndipo pamafunika chilolezo.

Frag yatsopano iyambire pansi pomwe kuwala n'kochepa, muzikweza pang'onopang'ono pakapita masiku. Ikakhala yotseka masiku awiri atatu musaisunthesunthe, ma zoa makamaka amachedwa kutseguka. Bola sikusungunuka kapena kutuwa, isiyeni pomwepo, ndipo mutumizireni chithunzi amene anakupatsaniyo, iye amaudziwa bwino mtunduwo akuuzani ngati ikufuna kuwala kapena madzi othamanga pang'ono.