Kumanzere kapena kumanja? Momwe mungadziwire pomwe mwaima pa ndale

Funsani munthu pa depoti kuti pa ndale ali mbali iti, akutchulirani chipani, mwinanso boma lomwe amachokera. Koma nsalu ya chipani siinena zomwe munthu amakhulupirira. Mawu oti "kumanzere" ndi "kumanja" adayambira ku France mu 1789: m'nyumba ya malamulo, ofuna kusintha zinthu ankakhala kumanzere kwa wapampando, oikira kumbuyo mfumu ndi dongosolo lakale ankakhala kumanja. Nanga inu mukadakhala mbali iti?

Choyamba, tengani pepala ndi cholembera. Dzina la mtsogoleri aliyense lisalembedwepo.

Chachiwiri, yambani ndi mzere wa za m'thumba. Feteleza wa makuponi, yemwe Bingu wa Mutharika adayambitsa mu 2005 ndipo adasanduka AIP mu 2020, apitirire kapena ndalamazo zipite ku misewu ndi ulimi wamthirira, mlimi azidzigulira yekha? ADMARC izigula chimanga pa mtengo woikidwa ndi boma, kapena mavenda azipikisana okha? Nanga sukulu yaulere ya 1994 ija? Ngati yankho lanu nthawi zambiri ndi "boma lichitepo kanthu", mwapendekera kumanzere. Ngati ndi "boma lichoke panjira, anthu achite malonda", muli kumanja. Apa musadzinamize. Pa chilichonse chaulere chomwe mwavomera, lembani yemwe alipire. Ambiri timafuna mankhwala m'chipatala koma msonkho ukakwera pa malipiro timatukwana. Mukavomera kuti opeza zambiri azidulidwa zambiri, ngakhale muli inuyo, ndiye kuti kumanzereko mulikodi.

Chachitatu, jambulani mzere wina wa chikhalidwe ndi ufulu. Wopha mnzake anyongedwe? Khoti la Supreme lidati chilangochi n'chosemphana ndi malamulo aakulu mu April 2021, kenako mu August chaka chomwecho lidati chikadalipo. Inu mudakondwera liti? Lembaninso maganizo anu pa lamulo la kuchotsa mimba, mphamvu za mafumu pa malo, ndi apolisi akamabalalitsa zionetsero. Musadabwe mizere iwiriyi ikasiyana. Mayi wa Mvano yemwe amafuna kuponi ya feteleza koma samva za kuchotsa mimba ali kumanzere pa chuma, kumanja pa chikhalidwe, ndipo otere ndi ochuluka kuno kwathu.

Chachinayi ndiye chowawa. Tembenuzani nkhani iliyonse, muyerekeze kuti wachita ndi amene simum'konda. Kwacha idagwetsedwa mu 2012 nthawi ya Joyce Banda, idagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023 nthawi ya Lazarus Chakwera. Ngati kwina mudati n'kukonza chuma, kwinaku n'kupha anthu, fufutani yankholo. Limenelo ndi la chipani, si lanu.

Mafunso a pa intaneti ngati a Political Compass mutha kuwayesa, bola mudziwe kuti sadalembedwe poganizira mlimi wa ku Dowa. Za feteleza simuzipezamo.

Mukatero m'pomwe mutsegule mamanifesito a MCP, DPP, UTM ndi UDF, pepala lanu lili pambali. Mupeza kuti pa chuma malonjezo ambiri ndi ofanana, choncho chongani pokhapo pomwe asiyana, ndipo muone zomwe aliyense adachita ali m'boma.