Zida za desktop yokonzera zithunzi: musankhe chonchi

Musanagule chilichonse dziwani bajeti yanu, komanso ngati mumajambula RAW (mafayilo a zithunzi osakonzedwa, momwe kamera yajambulira), chifukwa mafayilo amenewa ngolemera.

1. Yambani ndi purosesa. Ryzen 5 kapena Core i5 yatsopanoko ikukwana pa mapulogalamu okonzera zithunzi a Lightroom ndi Photoshop.

2. Motherboard (board yomwe zida zonse zimalumikizidwapo). Apa mpomwe anthu ambiri amaluzira ndalama, amagula board kwina purosesa kwina kenako soketi (polowera purosesa) osagwirizana. Ryzen 7000 imafuna soketi ya AM5 ndipo AM5 imangolandira RAM (memory ya kompyuta) ya DDR5, RAM yanu yakale ya DDR4 siilowa olo mukakamize bwanji.

3. RAM isachepere 16GB, koma ngati mumatsegula Lightroom ndi Photoshop nthawi imodzi ikani 32GB basi.

4. NVMe SSD (chosungira mafayilo chothamanga kwambiri) ya 1TB ya Windows ndi mapulogalamu, hard drive ina yosungira zithunzi.

5. Graphics card yapakatikati ngati RTX 3060 ili bho, imafulumizitsa Denoise (chida cha mu Lightroom chochotsa timadontho pa chithunzi). Za magemu zodula zija musavutike nazo.

6. Sikirini ikhale ya mtundu wa IPS yofika pafupi 100% sRGB (muyezo wa mitundu yomwe sikirini imatha kuonetsa), apo ayi khungu la mkwatibwi lidzatuluka mtundu wina mukapulinta.

7. Power supply yodziwika dzina, osati yotchipa yopanda dzina, ndi UPS (batire yosungira magetsi) ya pomwe magetsi athima muli pakati pa ntchito.