Mukapita ku Pátzcuaro nthawi yokumbukira akufa

Abale amene mukuganiza zokaona Día de Muertos (mwambo wokumbukira akufa) ku Mexico, pitani ku Pátzcuaro m'chigawo cha Michoacán koma bukani malo ogona miyezi ingapo isanafike Novembala, chifukwa usiku wa pa 1 kuchera pa 2 tauni yonse imadzadza mpaka kusowa poponda. Tengani juzi yokhuthala ndithu, tauniyi ili pamtunda wopitirira mamita 2,000 ndipo usiku kuzizira kwake sikamasewera.

Anthu ambiri amathamangira ku chilumba cha Janitzio, cha pa nyanja ya Pátzcuaro, pa boti, kuja kuli chiboliboli chachikulu cha Morelos, mtsogoleri wina womenyera ufulu wa Mexico, pamwamba pa phiri, koma usiku umenewo mzere wa maboti ndi wautali zedi. Ine ndinganene kuti Janitzio mupiteko masana tsiku lina, ndiye usikuwo kwerani kombi kapena takisi ya ku Tzintzuntzan, tauni ina yapafupi. Kumanda kumeneko mabanja a Chipurépecha, mtundu wa eni nthaka a kuderali, amachezera pa manda a abale awo, atayala maluwa achikasu a cempasúchil, makandulo ali mbee, buledi ndi zakudya zomwe malemu ankakonda zili m'madengu.

Chonde kumbukirani kuti awo ndi manda a anthu, pali agogo amene akupempherera mwana wawo. Osaponda pamitumbira, osawalitsa fulashi kumaso kwa anthu, pemphani kaye musanajambule. Zimandiwawa kuona alendo akulowako ndi mowa kumanja.

Ndalama yendani ndi ma peso ang'onoang'ono, amayi ogulitsa pamsika khadi salandira. Mulaweko charales, tinsomba tokazinga tokhala ngati usipa, ndi atole wotentha, chakumwa cha chimanga chonga phala lamadzimadzi, m'mamawa.