Kupita ndi katundu wa ku Harare kwathu popanda msonkho wa kasitomu

Anzanga amene mumaoda katundu kuno ku Harare, musakwere basi musanaone mndandanda wa COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa) wa katundu amene Malawi ndi Zimbabwe anagwirizana. Ngati wanu alipo, anapangidwa kapena kulimidwa muno mu Zimbabwe, ndipo mtengo wake sukuposa malire amene anaikidwa, msonkho wa kasitomu sukukukhudzani. Ine ndimalakalaka mndandandawu atauwonjezera, chifukwa amayi ambiri a geni phindu lawo limathera pachipata. Zovala za ku China sizili m'gululi ayi.

Malisiti onse sungani bwino. Pa chipata cha Nyamapanda, potuluka mu Zimbabwe, pemphani kwa a kasitomu fomu yosonyeza kumene katunduyo wachokera, aidinde. Mukadutsa Tete n'kufika pa Mwanza, muionetse kwa a MRA. VAT muilipirabe, choncho patulani makwacha musananyamuke.